Mthenga Wopanda Makutu

Bambo anga sankakonda zolankhulalankhula. Sindikunena kuti anali ankhanza ayi, dzanja lawo silinanditerepo ngakhale tsiku limodzi, koma kuti akhale nawe pansi n'kukuuza zakukhosi, aaa, ukanayamba wamera imvi. Nditakhoza mayeso opita kusukulu ya zamagetsi ku Cuamba, anangoti, “Chabwino,” n'kupitiriza kutong'ola chimanga. Tsiku limene tinaika mayi m'manda ndinakhala nawo pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ndikuti mwina lero anena kanthu. Chimene ananena n'chakuti mbuzi sizinamwe madzi. Moyo wanga wonse ndinkafuna chinthu chimodzi kwa mkulu ameneyu, chakuti andilankhule monga munthu amalankhulira ndi mwana wake amene wakula, ndipo ndinkaopa kuti adzapita asanatero.

Makutu nawo sankawathandiza. Lina linagontha kalekale, nthawi ya nkhondo, ine ndili kumsana, ndipo lotsalalo linkamva pokhapokha ukakweza mawu. Foni ankadana nayo chifukwa cha chomwecho. Ankachita manyazi kumangoti “Aa? Wati chiyani?” anthu akumva. Nditawagulira, anaitembenuza uku ndi uku, n'kuipereka kwa achemwali anga, amene nyumba yawo ili kuseri kwa ya bambo, kumudzi kwathu ku Ngauma. Choncho nkhani zonse pakati pa ine ndi bambo zinkadutsa mwa achemwaliwo, amenenso kuti apeze netiweki ankachita kukwera pachulu cha m'munda wa nandolo.

Ine ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina lokumba zitsime n'kuikapo makina opopa madzi oyendera dzuwa, aja kuno timawatcha bomba. Abale athu a ku Malawi akamva kuti mudzi wakuti walandira bomba amatong'ola maso, koma ndi madzi chabe. Mbali yanga pa ntchitoyi inali yaing'ono. Pathanki iliyonse ndinkamangirira kabokosi kotuwa, kofanana kukula ndi njerwa, kokhala ndi waya wolowa m'thanki ndi kamlongoti kogwira netiweki pamwamba. M'mawa uliwonse, wosunga kiyi akatsegula chitseko cha kanyumba ka mipopi, kabokosiko kamadzuka, n'kuyeza madzi, n'kulemba kakalata ka imelo konena ola ndi mulingo wa madziwo, n'kukatumiza kwa ine. Kakatero kamagonanso mpaka mawa. Kalibe pobayira zilembo, kalibe poonera zithunzi. Kali ndi kanyali kamodzi kobiriwira kamene kamaphethira kalata ikachoka, ndi timabowo kunsi kwake toti mpweya uzilowa, kasamatenthe. Ndinaika timabokosi totere ku Etatara, ku Lúrio ndi m'midzi ina ya ku Mandimba. Ndinkanyada nato zedi, poti malangizo a m'kati mwake ndinkalemba ndekha.

Bomba itafika kumudzi kwathu, anthu anagwirizana zopereka kiyi kwa bambo. Chifukwa chake chinali chodziwikiratu. Iwo ndiwo ankayamba kudzuka m'mudzi monse, ndipo pochokera kumzikiti ku swala, pemphero lija la m'bandakucha ankadutsa pathanki pomwepo. Komanso munthu wosalankhula sakangana ndi amayi apampopi. Ndinapita ndekha kukaika kabokosiko, ndipo bambo anaima pambali panga tsiku lonse, manja kumbuyo, akuyang'ana chilichonse chimene ndinkagwira.

Nditamaliza ndinatsegula chitseko kuti ndiyese. Kanyali kanaphethira, ndipo patapita kanthawi foni yanga, imene ndinaiika pamwamba pa thanki kuti igwire netiweki, inalira. Ndinawaonetsa.

“Ikuti chiyani kalatayo?” anafunsa.

Ndinawawerengera. Inali m'Chipwitikizi, mizere iwiri yokha: ola, ndi kuti thanki yadzaza.

“Basi? Yopanda ndi moni yemwe?”

“Makina sapereka moni, bambo!” ndinakuwa, poti ndi mmene tinkalankhulira nawo.

“Nanga amene anawapanga analeredwa kuti?”

Ndinaseka, koma chinandibaya. Ndinakhala pansi pamthunzi wa thanki, n'kutulutsa kompyuta m'chikwama, n'kuwonjezera mzere umodzi pamwamba pa kalatayo, m'chilankhulo chathu: Mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tadzuka bwino. Nditawawerengera, anagwedeza mutu. Kwa bambo anga, kugwedeza mutu kunali kuvina. Ine pokondwa ndinawagwira paphewa, n'kuyandikira kukhutu lakumva lija, n'kukuwa mawu amene mpaka lero ndimawabwereza m'mtima ndikamayenda ndekha:

“Mukatsegula apa m'mawa, ine ku Cuamba ndizimva kuti mwadzuka bwanji! Kanyali aka kakayaka, ndiye kuti ndamva!”

Ndinati ndizimva. Ife tonse timatero. Timati ndamva kuti kwagwa maliro, ndamva kuti nandolo wakwera mtengo, ngakhale utaziwerenga papepala. Sindinaganize n'komwe kuti pamenepo pali choti n'kulongosola.

Chaka choyamba chinali chokoma. Kalata ya kumudzi inkafika nthawi iliyonse imene netiweki yafuna, mwina m'mawa momwemo, mwina masana, choncho nthawi yofikira sindinkailabadira. Ndinkayang'ana ola limene kabokosi kalemba m'kati, chifukwa kali ndi kawotchi kakekake. Masiku onse linkakhala 05:08, 05:15, 05:11, osapitirira apo. Ndinkawaona m'maganizo akutuluka mumzikiti, kachipewa koyera kumutu, kiyi atamangirira pachingwe m'chiuno. Mkazi wanga ankandiseka. Foni ikalira ankati, “Apongozi anga alonjera, ayankheni,” ndipo ine ndinkayankhadi mokweza, “Tadzuka bwino, kaya inu,” ana n'kumafa nacho chiseko. Ndivomere kuti moni umenewu ndinalemba ndine, ndinkadziwa kuti ndikudzilonjera ndekha, koma unkanditenthetsa mtima. Kuyambira kubadwa kwanga, bambo anali asanandifunsepo tsiku ndi tsiku kuti ndadzuka bwanji.

Kale ndinkapita kumudzi pakatha miyezi iwiri iliyonse. Kabokosi katayamba ntchito, miyezi iwiri inasanduka inayi, inayi n'kusanduka chaka. Ulendo wake ndi wotopetsa, shapa, minibasi yathu ija, yodzaza mpaka pakhomo kuchoka ku Cuamba kukafika ku Mandimba, kenako njinga yamoto, fumbi mpaka m'makutu. Nanga ndivutikirenji poti m'mawa uliwonse ndinali ndi umboni m'thumba wakuti mkulu uja ali moyo, wayenda ndi miyendo yake, watsegula loko ndi dzanja lake? Pakadafunda padajiwitsa galu.

Mvula ya chaka chachiwiri itangosiya, ola lija linayamba kusuntha. 05:30. Patapita masiku, 05:50. Mwezi wotsatira linadutsa 06:00, ndipo silinabwererenso. Ndinaziona, musaganize kuti sindinazione. Ndinatsegula makalata onse n'kuwandandalika pakompyuta, ndipo ndinaona bwinobwino kuti ola likukwera pang'onopang'ono, sabata ndi sabata. Ndiye mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati kawotchi kayamba misala. M'kati mwa kabokosi muli kapilya, kabatire kakang'ono ngati batani la malaya, kamene kamayendetsa wotchiyo, ndipo ndinati kafooka ndi kutentha kwa malata. Ndinalemba m'buku langa la ntchito kuti ndikadzapita ku Ngauma ndidzatenge kapilya katsopano.

Apa ndipamene ndimadzida. Pilya ikafooka, wotchi imatsalira m'mbuyo kapena kuima kumene. Sithamangira kutsogolo. Zimenezi ndinaziphunzira chaka choyamba kusukulu, ndipo ndikanamva mnzanga wapantchito akunena zimene ndinkanenazo, ndikanamuseka mpaka misozi. Timabokosi tina tonse, ta ku Etatara, ta ku Lúrio, tinali pamalata otentha chimodzimodzi, ndipo palibe kamene kanasuntha. Koma munthu ukafuna kuti vuto likhale la waya, limakhaladi la waya. Ndiponso mzere woyamba wa kalata unkanena momveka, tsiku lililonse, kuti tadzuka bwino.

Achemwali anasiya kundiimbira. Poyamba ndinkati ndi ntchito yokolola. Tsiku lina Lamlungu masana ndinawaimbira ndine, ndipo mwamwayi ndinawapeza ali kumunda, pafupi ndi chulu chija. Moni wawo unali wouma.

“Bambo ali bwanji?” ndinafunsa.

Anati, “Ukundifunsa ine? Si umamva wekha m'mawa uliwonse?”

Ine n'kuseka. “Eee, ndimamva ndithu. Tsiku ndi tsiku, osaphonya.”

“Umamva.”

“Ndimamva, achemwali.”

“Chabwino, bwana,” anatero, n'kudula foni.

Ndinakwiya, chifukwa ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinauza mkazi wanga kuti anthu akumudzi ali ndi nsanje, ukangopeza kantchito m'tauni basi wasanduka bwana. Iye anali akusankha nyemba m'lichero. Kenako anati, “Koma inu, wotchi imeneyi imathamanga kwa apongozi okha?” Ndinamuuza kuti za magetsi azisiyira ife, ndipo kukanakhala vuto akumudzi akananena, wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Iye anangopitiriza kusankha nyemba zake.

Ola litafika 08:40, m'mwezi wa mphepo ija yozizira, a kuofesi anandifunsa chifukwa chimene mudzi umodzi ukutsegulira madzi mochedwa chotero. Ndinawayankha kuti ndi wotchi, ndikukakonza. Taonani, chimene chinandinyamula pampando si bambo anga ayi, koma funso la a kuofesi. Ndinagula kapilya, n'kukakulunga m'kapepala, n'kukaika m'thumba la malaya. Ndinagona ku Mandimba kwa mnzanga, ndipo m'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto.

Msewu wolowa m'mudzi umayamba wadutsa pathanki. Munthu woleredwa amayamba wafika pakhomo, kulonjera, kumwa madzi, ntchito pambuyo. Ine ndinauza wanjinga kuti anditsitse pathanki pomwepo, ndithane ndi wotchi kaye. Dzuwa linali litakwera, amayi atatunga kale, pampopi pali mbuzi zokha. Ndinakwera makwerero, n'kumasula chivundikiro, n'kulumikiza kompyuta. Wotchi ya kabokosi inkati 10:22. Ndinayang'ana foni yanga. Inkati 10:22.

Ndinakhala pamakwerero pomwepo. Wotchi inalibe vuto. Sinalakwitsepo ngakhale mphindi imodzi chiikireni. Maola onse aja, miyezi inayi yathunthu, anali oona. Amene ankachedwa anali bambo.

Kuchoka pathanki kukafika kwathu ndi pafupi, ndili mwana ndinkathamanga mtunda umenewo osapuma. Tsikulo ndinaona zinthu m'mbali mwa njira zimene kale kunalibe. Pamtengo wa mango panali chitsa chodula bwino, chokhazikidwa dala. Patsogolo pang'ono panali mtondo wakale wosweka, atauvundikira. Pafupi ndi nkhokwe ya anansi panali njerwa zinayi zosanjikiza. Paliponse mwa malo atatuwa, dothi la patsogolo pake linali losalala ndi mapazi. Sindinafunse munthu, ndinadziwa kuti ndi popumira.

Ndinawapeza pakhonde, atatsamira khoma, atafunda bulangete dzuwa lili phwee. Nkhope inali itatha, koma miyendo inali itatupa mpaka khungu kunyezimira. Ankapuma ngati munthu amene wangotula katundu. Ndinagwada, n'kuwagwira dzanja. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Mwafika?” anatero. “Mwayenda bwanji?”

Mwafika. Bambo anga anali asananditchulepo kuti inu. Ine ndinali iwe, ngakhale nditakwatira, ngakhale nditabereka. Tsikulo anandilandira ndi ulemu wonse umene timapatsa mlendo, anauza achemwali kuti andiyalire mphasa, anandifunsa za ana mmodzimmodzi. Kukanakhala bwino akanandimenya ndi ndodo.

Achemwali anandikokera kuseri kwa khitchini. Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa.

“Wabwera kudzatani?”

“Bwanji simunandiuze?” ndinatero, mkwiyo utandikwera. “Munthu mpaka kufika apa, inu muli ndi foni m'manja!”

“Tikuuze kangati? Mkuluyu wakhala akukuuza yekha chiyambire kukolola. Ndinakufunsa ine, unati umamva. Unaseka.”

“Akundiuza bwanji?”

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Kenako anandifotokozera. M'mawa uliwonse, bambo akatsegula chitseko cha mipopi, ankakwera masitepe awiri a makwerero, n'kuika pakamwa pafupi ndi timabowo tija ta mpweya, n'kuyamba kulankhula. Anayamba tsiku lotsatira nditangoika kabokosiko. Poyamba unali moni chabe. Matenda atayamba, anayamba kunena kuti lero ndadzuka pang'ono, lero miyendo yalemera, lero befu wandigwira panjira. Akatha ankadikira kanyali. Kakaphethira, ankatsika n'kuuza achemwali kuti, “Wamva.” Ndipo achemwali anakhulupirira, alekerenji? Foni yawo ili ndi timabowo totero, amalankhulapo, mawu n'kukafika ku Nampula. Kabokosi kali ndi mlongoti woposa wa foni, ndipo anakaika ndi mchimwene wawo wophunzira, amene ananena yekha pamaso pa anthu kuti azimva.

Achemwali anati kangapo konse anafuna kundiimbira kuti anditukwane, koma bambo anawaletsa. Ankati, “Wauzidwa kale. Munthu sauzidwa kawiri za matenda a bambo ake. Kachiwiriko ndi kupempha.” Anayesanso kuwalanda kiyi kuti azikatsegula okha, bambo apume, koma anakana kwamtuwagalu. Ankadzuka nthawi yomwe ija ya kale, kuswali pakhomo poti kumzikiti sankafikanso, n'kuyamba ulendo wa kuthanki, kupuma pachitsa, kupuma pamtondo, mudzi wonse ukudikira madzi. Palibe amene anadandaula.

M'mawa mwake tinawatengera bambo kuchipatala ku Mandimba. Anawayeza, n'kutiuza kuti mtima watopa, ndipo tikanabwera kale zikanathandiza. Anatipatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi. Atagona masiku atatu, bambo anati akufuna kwawo, ndipo adokotala sanatsutse.

Achemwali ndinawauza zoona zake za kabokosi tsiku loyamba lomwelo, ndipo analira, n'kunditukwana, n'kuliranso. Koma bambo ndinkaopa. Ndikawauza, ndiye kuti mkulu wolemekezeka m'mudzi monse adziwa kuti kwa chaka ndi miyezi wakhala akulankhula ndi chitini pamaso pa amayi otunga madzi. Ndikapanda kuwauza, apita akudziwa kuti mwana wawo anamva kuti akudwala, tsiku ndi tsiku, n'kukhala phee ku Cuamba. Achemwali anati ndiwasiye, ndingopepesa basi, ndisawachititse manyazi kumapeto kwa moyo. Ndinayesa kupepesa. Anangoti, “Palibe kanthu, ntchito ndi ntchito, inu musadandaule.” Inu yemwe uja.

Tsiku lachiwiri tibwerereni kuchipatala, dzuwa litapendeka, ndinapita kuthanki, n'kumasula kabokosi konse, n'kubwera nako pakhonde. Ndinakhala pafupi ndi khutu lawo lakumva. Nkhani ngati imeneyi imafuna kunong'ona, koma ndi bambo anga kunong'ona kunalibe ntchito. Ndinachita kukuwa, anansi akumva, nkhuku zikuthawa.

“Bambo! Kabokosi aka kalibe makutu!”

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kabokosiko. Ndinakatsegula n'kuwaonetsa m'kati, mawaya, kawotchi, ndi timabowo tija, kuti kuseri kwake kulibe chilichonse, ndi mabowo chabe. Anatenga chivundikirocho n'kuchiyang'anitsa padzuwa. Kuwala kunadutsa m'timabowomo n'kugwera pabulangete.

“Nanga kanyali kaja?”

“Kamangonena kuti kalata yachoka!”

“Kalata yoti chiyani?”

“Yomwe ija ndinakuwerengerani! Yoti tadzuka bwino!”

“Masiku onse?”

“Masiku onse, bambo!”

Anayamba kuseka, koma chiseko chinasanduka chifuwa, ndipo tinadikira mpaka chitatha. Atapeza mpweya anati, “Ndiye n'kabodza kameneka.” Anaika chala pamabowo paja. Kenako anafunsa, osandiyang'ana:

“Ndiye iwe sunamve kanthu?”

“Ngakhale liwu limodzi!”

“Za matenda zokha, kapena zonse?”

“Zonse ziti, bambo?”

“Aaa,” anatero, n'kutseka maso. “Ine ndimati wamva, ndiye wakwiya. Ndimati n'chifukwa chake sukubwera.”

“Ndikwiye ndi chiyani?”

“Zambiri. Za amako. Za chaka chija tinathawira ku Malawi, iwe uli kumsana. Za mmene ndinakulerera. Ndinaona kuti masiku akutha, ndiye ndimati tsiku lililonse ndizinenako pang'ono. Paja pamene paja panali posavuta, poti sumayankha, ine sindimavutika kuti wati chiyani. Ndinanena zonse, ndinamaliza sabata yatha yomweyi.”

Ndinalira, ine bambo wa ana atatu, pakhonde, masana, anthu akuona. Ndinawagwira maondo otupa aja. Ndinati, “Ndiuzeninso! Ndili pano! Sindiyankha, ndingokhala chete ngati kabokosi, ndiuzeninso!”

Anaika dzanja pamutu panga. Linali lopepuka.

“Iwe, zinatenga miyezi inayi zimene zija,” anatero. “Mpweya wake ndiutenga kuti? Leka ndipume. Mawa, ukabwera mpweya, tiyamba.”

Mawa lake anadzuka ndi befu woopsa, sanathe ngakhale kumaliza moni. Tsiku linalo anangoti ndiwatembenuze, ndi kuti madzi. Ndinakhala pambali pawo osachoka, khutu langa pafupi ndi pakamwa pawo, ndipo kangapo milomo inkagwedera, koma chinkatuluka ndi mpweya wokha. Tsiku lachitatu m'mawa, dzuwa litangotuluka, anatisiya. Tinawasambitsa, ndipo monga mwa chipembedzo chathu tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Chimodzi chokha chimandipepuza. Anapita akudziwa kuti sindinawanyoze, ndipo masiku atatu omalizawo ankanditchula kuti iwe. Koma ine ndine munthu wosakhutira, ndipo zimene ananena pathanki paja zinkandidya. Ndinafunsa achemwali. Anati iwo ankawaperekeza mpaka pamtengo wa mango n'kubwerera kukaphika phala, ankangomva za matenda zimene bambo ankawabwerezera pakhomo. Ndiye ndinaganiza za amayi otunga madzi. Miyezi inayi, m'mawa uliwonse, amayi a mudzi wonse ankakhala pamenepo ndi zidebe kudikira kuti mkulu atsegule. Ndipo munthu wogontha salankhula motsitsa, amakweza mawu osadziwa. Ndinati ndithu wina anamva, ngakhale pang'ono, ngakhale chiganizo chimodzi chokha cha mayi anga.

Patatha masiku atatu chiikireni maliro, ndinapita pampopi m'mawa. Ndinawapeza ambiri, ndipo atandiona analeka nkhani zawo. Ndinalonjera, n'kupita kwa mayi wina wachikulire amene anali mnzawo wa malemu mayi anga, amene sankaphonya kutunga m'mawa. Ndinagwada pambali pa chidebe chawo. Ndinawafunsa ngati anamvako zimene bambo ankanena akakwera pamakwerero paja, chilichonse chimene angakumbukire, ngakhale chopanda mutu.

Mayiwo anandiyang'ana modabwa, n'kuyang'ana anzawo. Kenako analoza ndi mlomo kutsidya kwa msewu, patali ndithu, pamene pali mtengo wa mthethe.

“Ife tinkakhala uko, mwanawe,” anatero. “Akakwera paja, tonse tinkanyamula zidebe n'kupita uko, ndi ana omwe, mpaka atsike. Munthu akamalankhula ndi mwana wake, ena samvetsera.”